Meja Amene Ankalankhula ndi Mipando

Inu amene munagwapo pachisankho kapena pamayeso, tamvani za Meja Reinford Jobe.

Mu 1995 mukanamupeza pakhonde la fulati ku Hurlingham akuyanika zovala za mkazi wake. Meja wathunthu, munthu amene akangotsokomola asilikali ankaima njo! Wogwira ntchito anali mkazi wake Pauline, kubungwe lina lothandiza anthu. Iye anangomutsatira ku Nairobi pothawa manyazi.

Manyaziwo anali awa. Atapuma usilikali, anapikisana nawo pa uphungu kwawo mu 1994. Akaitanitsa msonkhano wa 2 koloko, 2 koloko yomweyo ankayamba, n'kumalankhula ndi mipando. Anthu pofika kuchokera kumunda ankapeza a Meja atatseka kale ndi pemphero. Ngakhale apongozi ake sanamuvotere.

"Anthu opanda mwambo!" ankatero tsiku ndi tsiku.

Pauline zinamukwana. "Bambo a Mwabi, mudzayesenso kamodzi kokha. Mukakagwanso, za ndale m'nyumba muno zithe, muzingochapa."

Tsiku lina Meja anakwera matatu, minibasi ya ku Kenya, yopita m'tauni. Galimoto ili duu, kondakitala akungoitanira anthu. Meja anayang'ana wotchi, magazi n'kuwira.

"Twende!" anakuwa, kulamula kuti anyamuke.

Palibe anatembenuka. Anatsika mwaukali n'kuuyamba wapansi. Mvula nayo siinamuope, inamukhuthukira. Posakhalitsa matatu ija inamudutsa itadzaza thothotho, nyimbo zili pamwamba, n'kumuwaza matope mpaka m'kamwa.

Anaima pomwepo, ali chinyowere. "Kani misonkhano yanga ija inkanyamuka yopanda anthu," anadziuza. Zinamupweteka kwabasi.

Koma msilikali ndi msilikali. Kudikira anakusandutsa perete. M'mawa uliwonse ankakwera matatu yopanda munthu, wotchi n'kuiponya m'thumba, n'kukhala mpaka idzaze. Masiku oyamba ankangofuna kutsika. Amalawi akamakumana ku Lavington, iye ankaima pageti kulandira ochedwa ndi "Mwayenda bwanji?" Ena ankanong'onezana kuti a Meja adwala.

Mu 1999 anabwerera kwawo kukayesa komaliza. Anafika 2 koloko monga kale, koma anangokhala pampando umodzi. Aliyense wofika ankamufunsa za kwawo. Wina anadandaula za mlatho, wina za mjigo wakufa. Dzuwa litapendeka, bwalo litadzaza, anaimirira n'kungobwereza zimene iwo omwe anamuuza.

"Koma a Meja adziwa bwanji mavuto athu?" anthu anadabwa.

Anapambana, ndipo apongozi anavina mpaka chitenje kumasuka.

Pobwera kudzaona mwamuna wake akulumbira, Pauline ndege yake inachedwa. Anamupeza pabwalo la ndege atakhala phee, akucheza ndi osesa.

"Pepani a phungu, mwadikira nthawi yaitali?"

"Zaka zisanu, mayi. Izi n'zochepa."

Choncho musataye mtima, abale anga. Ngati lero mukulankhula ndi mipando, musatseke msonkhano. Khalani pansi, anthu akubwera.