Ulusi Wofiila Pakolala

Nchitoyi sindinaifune ine. Amai Lungu, otsogolela gulu la azimai lothandiza ovutika pachalichi pathu ku Nyimba, ananditsatila kumunda ndikupalila nshawa.

"Ambuya, makiyi a chipinda cha katundu musunge ndinu," anatelo. "Inu ngakhale abusa mumawayang'ana m'matumba."

Ndinavomela poti sananame.

Malipilo panalibe. Lachitatu lililonse ndinkatsegula loko, kudula ndi mpeni zingwe za belo la salaula, zovala zovalidwa kale zija, n'kugawa milu: za ana, za azimai, za azibambo, mabulangete padela. Chovala chilichonse ndinkachitembenuza kuona msoko ndi zipi. Unga tinkayeza ndi meda n'kusalaza pamwamba ndi dzanja. Banja lalikulu mameda awili, nyemba mbale imodzi, saladi wophikila m'kabotolo.

Koma mtima wanga sunkakhala pansi. Tsiku lina pamsika ndinaona jekete yofanana ndi imene tinapeleka sabata yomweyo. Kaya inali yomweyo kaya ayi, mpaka lelo sindidziwa. Ndinagula singano ndi ulusi wofiila, ndipo pachovala chilichonse ndinayamba kusoka mfundo zitatu kumbuyo kwa kolala. Amai Lungu sindinawauze. Ndinati wogulitsa ndidzamugwila ndekha. Loweluka lililonse ndinkazungulila msika ndikutembenuza makolala ngati wogula.

Mvula ya Januwale inagwetsa nyumba ku Luembe. Ina inali ya amake Esinati, mai wamasiye wa ana anai. Tinawapatsa unga, bulangete, dilesi ndi zovala za ana. Patatha masabata awili, tsiku lolandila unga wina, sanabwele. Ine ndinati basi, agulitsa, akuopa nkhope yanga. Amai Lungu anati, "Njala sidikila Lachitatu lina. Mangani thumba la unga panjinga, tipite."

Msewu unali matope okhaokha, njinga tinkachita kukankha. Tinawapeza panja pa kakhichini kamene kanatsala, akuphikila ana mango zaziwisi. Atationa analowa mkati n'kutulutsa zovala zonse zili zopindapinda. Anaziika pamapazi pathu.

"Tengani zanu," anatelo. "Ndi ungawo mubwelele nawo."

"Amake Esinati, talakwa chiani?" anafunsa amai Lungu.

"Pachitsime mnzanga wanditembenuza kolala anthu akuona. Akuti, 'Aa, nanunso ndinu a ulusi wofiila? Nchifukwa chake mwachena.' Ana kusukulu akuwakoka malaya. Munatilemba chizindikilo ngati ng'ombe. Ine kupempha sindinapemphe, inagwa ndi nyumba."

Amai Lungu ananyamula dilesi, anaona mfundo zija, kenaka anayang'ana ine. Kamwana kakang'ono kanali kataika dzanja pathumba la unga, ndipo amake anakakoka.

Pamenepo ndinadziwa kuti thumba lija likabwelela panjinga, ana awa agonela mango chifukwa cha singano yanga. Ine amene ndimafunsa anthu mafunso, tsikulo ndinayankha wosandifunsa.

"Ndinasoka ndine," ndinatelo. "Gulu silidziwa. Ndinkaganiza kuti mugulitsa."

"Ndigulitse ndivale chiani, ambuya? Masamba?"

Ndinapempha lezala kwa aneba. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo, n'kuyamba kudula mfundo imodziimodzi, ndikuzula ulusi ndi zikhadabo. Maso anga si abwino, zala ndinadzicheka kawili. Palibe anandithandiza. Amake Esinati anangoima, manja ali m'chiuno, mpaka nditamaliza kabudula womaliza.

Anatenga zovala za ana. Anatenga unga, n'kuuza Esinati atsuke poto. Dilesi anaikankha ndi phazi.

"Iyi aiona kale. Mukapatse wakutali."

Pobwelela amai Lungu anangoti, "Mailo mubwele ndi lezala yanu. Mulu wonse uja." Ndinakhala masiku atatu ndikumasula zimene ndinasoka. Zimene zinapita kale m'midzi sindinathe kuzitsatila, ndipo zimenezo zimandivutabe.

Anthu sindiwakhulupililabe, ndisaname. Loko ndimaigwedeza kawili, ndipo meda ikadzadza mopitilila ndimaona. Koma ulonda wanga tsopano umathela pakhomo la chipinda chija. Chovala chikatuluka, ndi cha mwini wake. Avale, asinthe ndi mchele, apatse m'bale wake, zimenezo si zanga. Amake Esinati tikakumana amandipatsa moni bwinobwino, koma kuchipinda chija sanapondeko phazi. Unga wao amatuma mlamu wao.