Zithunzi Zoipa za Bambo Mwetulirani

Dzina loti Mwetulirani anawapatsa ndi anthu obwera kudzajambulitsa, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Situdiyo yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wokonza mafoni: nsalu yabuluu kukhoma, mpando wopanda choyedzamira, magetsi awiri a maambulera oyera, ndi chipeso cha aliyense chomangirira pachingwe. Chithunzi chikatuluka chachimbuuzi ankaching'amba mwini wake asanachione.

Mafoni a kamera atachuluka, mpando uja unayamba kugwira fumbi. Ndiye mwana wawo wamkazi wachisamba, amene ankagwira ntchito pakampani ina ya zamakompyuta, anawapezera ganyu. Kampaniyo inkapanga pulogalamu yowerenga mita ya madzi: munthu ajambule mita, foni itchule yokha manambala. Pulogalamuyo inkaphunzira poona zithunzi zambirimbiri, choncho pankafunika wozijambula.

Bambo Mwetulirani anamanga tayi n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Mita iliyonse ankayamba aipukuta ndi kansanza, kuzula udzu wozungulira, kenako n'kugwada bwinobwino. Atapereka zithunzizo, mwana uja anaziyang'ana kwa nthawi yaitali. Anati zakongola zedi, ndipo vuto lake linali lomwelo.

Anawafotokozera kuti pa zithunzi zoyera pulogalamuyo inkakhoza kale, koma ikakumana ndi galasi lamatope kapena dzanja lonjenjemera inkasokonezeka, 3 n'kumutchula 8. Tsopano anali atasintha kaphunzitsidwe. Ankaisankhira dala zithunzi zovutitsitsa, n'kumaikonza mpaka izikhoza pomwe pavutapo.

"Ndiye mukufuna ndizijambula zolakwika?"

"Zolakwika, ababa, koma zoti munthu atha kuwerengabe."

"Nanga malire ake ali pati?"

Mwanayo anaseka, nati nkhani yomweyo ndi imene ankakanganirana kuofesi tsiku ndi tsiku.

Ntchito yolakwitsa inawavuta kuposa yokhoza. Ankagwedeza dzanja mwadala, koma chala chinkadikira chokha mpaka dzanjalo litakhazikika. Anapempha telala kuti aziwagunda chigongono, koma telalayo anatopa tsiku lomwelo, nati iye sanaonepo munthu wolembedwa ntchito yong'amba malaya. Kamera yawo anakana kuipaka mafuta pagalasi kuti izijambula zachimbuuzi. Anakabwereka kafoni kosweka galasi kwa wokonza mafoni uja, ndipo pokagwira ankayang'ana uku ndi uku ngati agwira chakuba.

Tsiku lina mayi wina anawapeza atagwada kuseri kwa nyumba yake, akuwaza matope pamita. Anayesa kufotokoza kuti akuphunzitsa foni, koma mawuwo atatuluka nawonso anawamva kuti sakumveka. Mayiyo anayang'ana tayi, nayang'ana matope, n'kufunsa mwaulemu ngati kwawo akudziwa kuti iwo ali kuno. Bambo Mwetulirani anapukuta mitayo mpaka inang'anima kuposa mmene anaipezera, natsanzika.

Patapita nthawi mwana wawo anabwera ndi nkhope yowala. Anati tsopano pulogalamuyo ikuwerenga mita zamatope, zamumdima, ngakhale zojambulidwa chopendekeka. Kungoti pa zithunzi zoyera ikulakwitsako pang'ono kuposa kale.

Bamboyo anavula magalasi. "Pa zoyera? Zosavuta zija?"

"Eya. Yasiya kudalira tizizindikiro tating'onoting'ono timene matope angafufute. Komatu pa zithunzi zoyera tizizindikiro tomweto ndi timene tinkaithandiza."

"Ndiye yachenjera kapena yapusa?"

"Zonse ziwiri, ababa."

Anafunsa ngati ndi iwo anaiwononga, mwanayo anati ayi. Anafunsa ngati ndi iwo anaikonza, anati eya, mbali ina. Kenako anawonjezera kuti mita zambiri m'makomo n'zakuda, ndipo kampani yasangalala moti ikufuna zithunzi zina.

Madzulo akazi awo, akusita yunifolomu ya mdzukulu, anawafunsa kuti kodi kwenikweni ntchito yawoyi ndi yotani, chifukwa anzawo akufunsa. Bambo Mwetulirani anayamba ndi matope, nadumphira pa 3 ndi 8, nabwereranso pa matope. Simbi inazizira asanafike pakati.

"Auzeni kuti ndikujambulabe," anatero.

Kutacha anabwerekanso kafoni kaja. Wokonza mafoni anawatsina khutu kuti pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja pali mita imene mavu amangapo chisa. Bambo Mwetulirani anafunsa njira, kenako anafunsanso ngati mavuwo ayenera kuoneka pachithunzi kapena ayi. Wokonza mafoniyo sankadziwa.