Tiyi Wosungira Alendo

Ababa anga ankakonda tiyi kuposa ndiwo. Akapanda kumwa m'mawa, tsiku lonse ankakhala chitsinyire ngati wawabera mbuzi. Amene ankawaphikira tiyiyo, tsiku ndi tsiku, kuyambira pamene amayi anamwalira, ndinali ine. Abale awo anabwera kudzawatenga kuti abwerere kwawo, poti ku Phalula kuja anali mkamwini chabe, koma ndinakana. Ndinati ababa akalambira pano, ndiwasamala ndine.

Tinabadwa awiri. Achemwali anga, aakulu kwa ine, anakwatiwa ndi kalaliki wa boma n'kukakhala ku Blantyre. Kumudzi ankabwera pa Pasaka ndi pa Khrisimasi, atavala nsapato zogogoda, m'manja muli kapaketi ka masamba a tiyi ndi masiwiti. Ababa ankalandira kapaketiko ndi manja awiri ngati mphatso ya kutchalitchi. Sabata yonse aliyense wodutsa pakhomo ankaitanidwa kuti adzaone. "Mwana wanga wa m'tauni uja," ankatero, "amandikumbukira." Ine amene ndinkawachapira, kuwatungira madzi osamba, kuwasinjira nsinjiro chifukwa mano anali atatha, sindinamvepo akundiuzira munthu.

Ndisabise, nsanje inkandidya. Sindinkafuna nyumba ya achemwali, ngakhale mwamuna wawo wa tayi uja. Ndinkafuna ababa adzaitane munthu wodutsa, ngakhale mmodzi yekha, n'kumuuza kuti taonani zimene wandichitira mwana wanga wamng'onoyu.

Chaka china thonje linandichitira bwino. Nditagulitsa, ndinauza amuna anga kuti ndikupita ku Blantyre kukagulira ababa zinthu zimene sanalawepo chibadwire. Iwo anangoseka n'kunena kuti ndisakasochere. Tauni sindinkaidziwa, choncho ndinatsagana ndi mayi wina wachiyao woyandikana nafe, amene ankapita ku Limbe kukaoda nsalu zodzagulitsa pamsewu. Tinalawirira basi yoyamba. Pokwerera a chipani anatiimitsa kuti tionetse makhadi, ife n'kumasula pansonga ya chitenje, kuonetsa, n'kukwera.

"Ndiye mukafikira kwa achemwali anu?" anandifunsa mayi uja tikuwoloka Shire pa Zalewa.

"Iyayi. Asadziwe n'komwe kuti ndabwera."

Anandiyang'ana cham'mbali. Ndinadziwa kuti wandiona mpaka m'chiwindi.

Atatha kuoda nsalu zake, ananditengera ku sitolo yaikulu kumene ankagulako azungu ndi mabwana. Mlonda wa pakhomo anayang'ana nsapato zanga za pulasitiki nthawi yaitali asanatilole kulowa. M'katimo ndinangoti kakasi. Kwathu kugolosale tiyi anali mmodzi, ukati tiyi akupatsa tiyi. Apa panali mapaketi ndi zitini mzere wonse, zofiira, zobiriwira, zina zojambula mapiri. Kuwerenga ndinkatha, koma zolembedwazo sizinandithandize kanthu.

Pafupi nane panaima bambo wina wachikulire atavala yunifolomu yoyera, dengu lili pamkono. Anali wophika wa kunyumba ya mzungu, atatumidwa kudzagula zinthu. Ndinaganiza zongomutsatira, chimene watenga iye, inenso nditenge. Tinayenda choncho mpaka anacheuka.

"Mayi, mukunditsata ngati nkhuku yaona chimanga. Kwagwanji?"

Ndinachita manyazi, koma ndinamuuza kuti ndikufuna tiyi wabwino wa ababa. Kenako ndinaona kapaketi konga kaja ka achemwali, kali pansi penipeni, ndipo ndinaloza. "Nanga uyu?"

"Ameneyo ndi fumbi," anatero. "Akasankha masamba abwino ku Thyolo n'kutumiza kunja, zotsalira pansi ndi zimenezo. Ifetu timamwa zosesa."

Abale inu, mtima wanga unavina! Zaka zonsezi ababa akhala akuimika anthu pamsewu chifukwa cha zosesa. Ndinafuna bamboyo abwerezenso kuti ndimve bwino. Anandisankhira chitini cha masamba aataliatali, akuda, onunkhira ngakhale chisanatsegulidwe. Anandilangizanso kaphikidwe kake: madzi awire kaye, muwachotse pamoto, ndiye muthiremo masamba n'kuvundikira, osawawiritsa ngati nyemba. Anandisankhiranso khofi wogaya wa m'mapiri a kumpoto, ndi chokoleti chokulunga m'pepala lonyezimira, chimene anati n'chabwino kwa munthu wopanda mano poti chimasungunuka chokha m'kamwa.

Khofiyo ndinafuna ndimulawe ndisanapite naye kumudzi. Ine ndi mnzanga wansalu uja tinalowa m'kanyumba kena komwera, ndipo anatibweretsera m'timakapu tating'ono ngati toseweretsa ana. Kuwawa kwake ngati mankhwala a malungo. Mnzanga anathira shuga kanayi n'kulephera ndithu kumaliza. Ine ndinamwa yense mpaka pansi, ndikudziuza kuti zinthu za mabwana zimakoma choncho.

Chomaliza chinali mowa. Ababa ankamwa masese Lamlungu akaweruka kutchalitchi, koma wa m'botolo anali asanaugwirepo. Mnzanga, poti anali Msilamu, anakana kuyandikira. "Haramu imeneyo, achemwali," anatero, n'kukaima kutsidya kwa msewu. Nditatuluka ndi mabotolo awiri, anandiuza kuti chikwama changa chisakhudzane ndi nsalu zake. Ulendo wonse wobwerera ndinachifungata pamiyendo ngati khanda.

Dzuwa la ku Zalewa silichita chisoni. M'basi munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo pofika ku Phalula chokoleti chija chinali chitasanduka phala m'pepala mwake. Sindinadandaule kwambiri. Tiyi analipo, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditaona kale nkhope ya ababa.

Ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa. Ndinagwada n'kuyala zonse pamaso pawo, chimodzichimodzi, kuti aone bwino.

"Wabwerako," anatero. "Akulu ako ali bwanji kumeneko?"

"Sindinawaone, ababa. Nthawi inachepa."

"Wafika mpaka ku Blantyre osakaona mbale wako?" Anapukusa mutu. Nkhani imeneyo inatenga nthawi yaitali kuposa zonse zimene ndinayala pamphasa.

Chokoleti anachinyambita pachala kamodzi n'kupatsira adzukulu. Mowa anamwa ndi amuna anga madzulo omwewo, uli wofunda, ndipo anati ndi mowa wanji wosakhutitsa. Khofi anamununkhiza n'kuyetsemula. Koma atatsegula chitini cha tiyi anakoka fungo ndi maso otsinzina. Ine ndinati tsopano andiyamikira.

"Ameneyu si wakumwa ife," anatero. "Kamuike m'bokosi. Tidzaphikire alendo."

Alendo ake ndinkawadziwa. Ndinayesa kunena kuti ndagulira iwo, kuti amwe mawa lomwe, koma anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pamene ife eni khomo tilipo masiku onse. Chitini chinalowa m'bokosi lachitsulo momwe ankasungira jekete la kutchalitchi. M'mawa mwake ndinawaphikira tiyi wa fumbi monga mwa masiku onse, ndipo anamwa mosangalala.

Khrisimasi inafika, achemwali n'kutsika basi ndi nsapato zawo zogogoda. Atangokhala pansi, ababa anandituma kubokosi. Ndinaphika monga anandiphunzitsira bambo wa yunifolomu uja. Ndikanatha kumuwiritsa ngati nyemba kuti awawe, ndipo maganizowo anandibwerera ndithu, koma dzanja linakana kuwononga chinthu chimene ndinachivutikira. Fungo linadzaza khonde lonse. Achemwali atangoti pwe kamodzi, anatsitsa kapu.

"Ii, ababa! Tiyi ameneyu mwamupeza kuti? Ngakhale ife m'tauni sitimwa wotere."

Ndinali chiimire, ketulo ili m'manja. Miyezi yonse ija ndinkadikira funso limeneli.

"Si uja unatibweretsera iwe pa Pasaka?" anatero ababa.

Achemwali anaseka. "Kaya, mwina. Ndimagula zambiri, ndimaiwala."

Pamenepo ndinalephera kuugwira mtima. "Ndinagula ndine, ababa. Tsiku lija ndinapita ku Blantyre. Ndinagwada pomwepa n'kukupatsani m'manja."

Mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene mwana amayankhulira kwa kholo, moti achemwali anayang'ana pansi. Ababa sanakwiye. Anandiyang'ana modabwa, ngati sakumvetsa chimene chandiwawa.

"Oo, unali iwe eti? Chabwino." Anapsontha tiyi wawo. "Nanga iwe ndingakuthokoze bwanji, mwanawe? Kodi munthu amathokoza dzanja lake likamudyetsa?"

Atatero anatembenukira kwa achemwali n'kuyamba kufunsa za ntchito ya mkamwini wawo.

Mawu amenewo ndakhala nawo mpaka lero, ababa atagona kale kumanda. Amuna anga ankati amenewo ndiwo mayamiko aakulu kuposa onse, kuti ndine thupi lawo lomwe. Mwina n'zoona. Koma ine sindinkafuna kukhala dzanja. Ndinkafuna kukhala mwana amene amamulandira ndi manja awiri, ngakhale tsiku limodzi lokha, ndipo achemwali ndimawachitirabe nsanje pa chimenecho, ngakhale tonse tili ndi imvi.

Tsiku limenelo palibe anandiuza kuti khala pansi umwe nawo. Ndinabwerera kukhitchini ndi ketulo, n'kutsanulira zotsalira m'kapu yanga yamalata. Anali atazizira kale, koma tiyi wokoma ngati ameneyo sindinamwenso. Ndinamwa chiimire, msangamsanga, chifukwa ababa anali ataitana kale kuti ndikachotse makapu.