Galimoto Yofiira Imene Inadulidwa ndi Sowo

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu Atate, amene sanandipatse zonse zimene ndinamupempha m'masiku a mantha anga. Ndimuyamikanso chifukwa cha mpweya umene ndikali nawo, ndi maso amene akuonabe mizere ya pepala ili.

Amuna anga anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, m'galaja yowongola ndi kupenta magalimoto. Ine ndinatsala kwathu ku Yofu, pachilumba cha pakati pa nyanja, ndi ana athu awiri aakazi. Pamene analemba kalata mu 1998 kuti akubwera kudzakhazikika, mtima wanga unali pa malata, makina osokera, kapena injini ya boti, zimene amuna a anzanga ankabwera nazo.

Tsiku la sitima ndinapita ku Chipyela kukawachingamira. Sitima inkaima patali ndi gombe, anthu ndi katundu n'kumabwera pa maboti. Tsiku limenelo ndinaona amuna akumanga maboti awiri pamodzi ndi kuyala matabwa pamwamba. Kenaka chingwe cha sitima chinayamba kutsitsa chinthu chofiira, chachifupi ngati mphasa yopinda, cha mipando iwiri yokha, chopanda denga. Chinkazungulira m'mwamba ndi mphepo, gombe lonse likukuwa.

"Amayi inu, amuna anu agula bwato la matayala!" anatero mayi wina wogulitsa usipa. "Nanga chinangwa muzichiika pati?"

Ndinaseka nawo. Koma amuna anga atatsika m'boti kuseka kunandithera. Jekete linali kuwalendewera m'mapewa, ndipo asanandipatse moni anatembenuka n'kukhosomola nthawi yaitali atagwira m'mawondo. Mantha anandilowa pomwepo, ndipo sanandichoke kwa zaka ziwiri.

Galimotoyo anaikankha anthu mpaka pansi pa mango pakhomo pathu, chifukwa pamchenga ndi pamiyala mimba yake inkakhula pansi. Amuna anga anandifotokozera kuti siinali yeniyeni. Pansi pake panali chikumbu chakale, galimoto zija za injini kumbuyo. Pamwamba anavekapo thupi la faiba, ngati la maboti ena, loumbidwa kuti lifanane ndi galimoto zothamanga za ku Ulaya zimene mtengo wake ungagule mudzi wonse. Anaimanga okha, Loweruka lililonse, ndi ndalama zimene akanasunga. Inali isanathe: penti inali ya mbali imodzi, mipando yong'ambika.

"Penshoni yathu ndi imeneyi, amayi," anatero. "Ndikaimaliza, ipita ku Lilongwe. Kumeneko alipo ofuna kuoneka olemera asanalemere."

Ndiyenera kunena chimene ndinkaopa, ngakhale chimandichititsa manyazi. Ndinkaopa imfa yawo, inde. Koma ndinkaopanso tsiku lotsatira maliro, pamene abale a mwamuna amayala mphasa pabwalo n'kugawana katundu. Ndinali nditaziona kwa mnzanga wa m'kwaya: anamusiyira mtondo ndi ana. Nyumba yathu inali pa malo a amayi anga, imeneyo sakanainyamula. Koma chilichonse choyenda kapena chonyamulika chikanapita. Choncho ndinkafuna galimoto igulidwe amuna anga akali moyo, ndalamazo zisanduke malata okhomedwa padenga ndi fizi ya ana yolipiriratu. Ndinkamvetsera chifuwa chawo ngati mmene msodzi amamvetsera mwera, ndikuyeza ngati tiwoloka usanafike. Ndinkagwada m'tchalitchi n'kupempha kuti achire, koma pansi pa pempherolo panali lina: Ambuye, ithe msanga galimoto ija.

Wogula anapezeka. Anali mwana wa pachilumba pomwepa amene anali ndi masitolo ku Lilongwe, ndipo anabwera ku ukwati wa mlongo wake. Anaizungulira galimotoyo katatu akugogoda faiba ndi chala.

"Achimwene, ichi ndi chinthu," anatero. "Muipente yonse, mipando ikhale yachikopa, malimu a matayala onyezimira, ndipo kutsogoloku muikepo chizindikiro cha eni ake enieni. Koma musaikweze, musaisinthe maonekedwe. Mukaikweza, ndiye kuti mwandigulitsa ngolo."

Mtengo umene anatchula ukanafolera nyumba, kuphunzitsa ana onse awiri mpaka folomu folo, n'kutsalako. Za chizindikiro chabodzacho ndinazimva bwino lomwe, ine amene ndimadziwa mmene Mulungu amadera miyeso yonyenga. Ndinakhala chete. Ndinamupatsanso mlendoyo nkhuku.

Masabata otsatira amuna anga ankakhala pa khonde ndi chikatoni ndi pensulo. Penti yochokera ku Mzuzu, chikopa, malimu, kulipira sitima kuti iitengenso. Ndalama inali itagwa mphamvu, ndipo mitengo imene analemba sabata ino inkakhala yabodza sabata yamawa. Kuti achite zonse zimene wogula anafuna, anayenera kuthira ndalama yonse yotsala m'thumba, osadziwa ngati munthuyo adzasunga mawu ake.

"Chimene ndingaikepo chifukwa ndachikonda ine, wogula salipira," ankatero. "Chimene akufuna iye, chikutidya ife lero. Akadzasintha maganizo?"

Ine ndinkawakumbutsa za munthu uja wa m'Malemba amene anayamba kumanga asanawerengere mtengo wake, anthu n'kumuseka. Ndinkagwiritsa Mawu ngati mkwapulo, kuti afulumire. Anaitanitsa zitini ziwiri za penti, zinafika, zinakhala pansi pa bedi.

Kenaka mwezi wa Juni mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe anavutika pobereka. Kwathu wodwala ankanyamulidwa pa machira, amuna anayi anayi mosinthana, kudutsa njira ya miyala mpaka ku chipatala ku Chipyela. Amuna anga anagwira nawo mtengo wa machira, koma asanafike patali chifuwa chinawagwetsa, wina n'kulandira. Anawatsatira pambuyo pang'onopang'ono. Anawapeza atatula machira pansi pa mlambe, amayi akulira. Mtsikanayo sanafike.

Patapita sabata, ndikuchokera kumunda dzuwa lili pamutu, ndinamva kulira kwa sowo. Ndinaponya dengu. Amuna anga anali atachotsa kale mpando wa wokwera, ndipo sowo inali pakati pa chitseko cha mbali imeneyo. Fumbi loyera la faiba linali m'tsitsi mwawo ndi m'nsidze.

"Abambo! Mukutani?"

"Ndikutsegula pogona munthu."

"Mwapenga kodi? Munthu uja ananena kuti musaisinthe!"

"Ananena."

"Ndiye mukudula malata anga! Mukudula sukulu ya ana anu! Mukadzapita inu, ine ndidzawadyetsa faiba?"

Mawu amenewo anatuluka okha. Kufikira tsiku limenelo palibe mmodzi wa ife anali atatchulapo za kupita kwawo. Anasiya sowo ili m'chitseko momwemo, n'kundiyang'ana. Sanakwiye.

"Ndimakumvani m'mawa uliwonse mukuwerenga kukhosomola kwanga," anatero. "Simukulakwa. Koma penti ija sindingathe kuipopera, ingandimalize ndisanafike theka. Ndipo ikatsala pano yonyezimira, isanagulidwe, mukuganiza kuti achimwene anga adzakusiyirani?"

Ndinalowa m'nyumba n'kugwada pafupi ndi zitini za penti zija, sowo ikuliranso panja. Sindinapemphere mawu alionse.

Amuna anga anaikweza galimotoyo ndi matayala akale a pikapu amene anawapeza ku Chipyela. Pamene panali mpando anakhomerapo matabwa atatu ndi kuyalapo matiresi. Anaimika mapaipi anayi n'kumangirirapo lona. Inakhala chinthu chonyansa kuona, chofiira mbali imodzi, chotuwa mbali inayo, chitang'ambika nthiti. Wogula uja atamva, anatumiza mawu kudzera kwa mlongo wake kuti pepani, ngolo ali nayo kale. Zitini za penti tinazigulitsa kwa mwini boti motchipa.

Koma inkayenda pamchenga tsopano. Abale a wodwala ankagula petulo wa m'botolo, amuna anga n'kuwatengera ku chipatala. Ndipo tsiku lina anandiitana ku bwalo la mpira.

"Khalani apa."

"Ine? Ayi, abambo. Ndingaphe anthu."

"Pali mbuzi zokha. Pondani chakumanzerecho mpaka pansi. Ayi, amayi, chimenecho ndi buleki! Kodi kwaya mumaimba ndi mwendo uti?"

Ndinaphunzira ndikulira. Injini ikabangula kumbuyo kwanga ndinkaona ngati chilombo chandigwira m'chiuno. Ndinagunda chulu kawiri. Amayi a m'mudzi ankaima m'mbali mwa bwalo atasenza mitsuko, akufa ndi phwete. Ndinkadziwa chifukwa chimene amuna anga ankandiumirizira, ndipo kudziwako kunkandiopsa kuposa chiwongolero.

M'chaka cha 2000, mvula itangotha, amuna anga anadzuka m'mawa wina akulephera kukoka mpweya. Tinawagoneka pa matabwa aja amene anakhoma okha. Mwana wanga wamkulu anakhala kumutu kwawo atawagwira, ine ndinakhala pa chiwongolero. Pa chitunda cha miyala injini inazima, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinakuwa dzina la Ambuye. Pamenepo ndinamva mawu aang'ono kuchokera pa matiresi: "Buleki, amayi. Kenaka giya yoyamba." Tinadutsa pa mlambe uja osaima. Anafika ku chipatala ali moyo, anakhala masiku anayi, analandira Mgonero, anatsanzikana ndi ana awo mmodzimmodzi. Tsiku lachisanu anapita.

Tsiku limene ndinaliopa zaka ziwiri linafika monga ndinkaliganizira. Mphasa inayalidwa pabwalo. Alamu anga aakulu anakhala pampando, katundu akutulutsidwa: wailesi, masuti awiri, njinga, bokosi la zipangizo, ngakhale wotchi yapakhoma. Ine ndinakhala pansi. Potsiriza alamu ananyamuka n'kupita pansi pa mango. Anagwedeza paipi ya lona, anasuzumira pamene panadulidwa, anamenya tayala ndi phazi.

"Kodi munthu wa ku Lilongwe uja akuifunabe?"

"Anakana, alamu."

"Ndani sakanakana? Mng'ono wanga anawononga chuma. Kuikweza m'sitima kokha kungapose mtengo wake." Anapukuta m'manja. "Alamu, chiphakasa chanuchi khalani nacho. Muzikumbukira misala ya amuna anu."

Ndinaweramitsa mutu n'kuthokoza monga mwa mwambo. Sindinayerekeze kupuma mpaka atatuluka pa mpanda.

Ndinaiyendetsa zaka zisanu ndi ziwiri. Inanyamula odwala, ndipo tsiku la sitima inkanyamula matumba a ufa ndi a usipa. Sinatilemeretse. Mwana wamkulu anasiyira sukulu pa folomu thuu, wamng'ono yekha ndiye anamaliza, ndipo nthawi zina ndimadzifunsabe ngati ndalama za wogula uja zikanawafikitsa onse awiri. Sindidziwa. Denga linakhala la udzu mpaka injini itafa, pamene ndinagulitsa zitsulo zake n'kugula malata oyamba. Thupi la faiba lija likadali pansi pa mango, nkhuku zimaikiramo.

Chimene ndidziwa n'chakuti ndinalapa pemphero lija la pansi pa pemphero, ndipo ndikhulupirira kuti ndinakhululukidwa.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akusungeni pamene mukuopa za mawa. Akugwireni dzanja pa chitunda pamene injini yazima, akupatseni wina wokuuzani modekha chopondapo. Amasiye a m'nyumba zanu asawasiye opanda kanthu, ndipo odwala anu afike kumene akupita. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa ana anu. Amen.