Nason ndi Kalaliki Wake wa M'foni

Ku Kanyama, kuseri kwa ogulitsa makala, kuli mnyamata woweta nkhuku, dzina lake Nason Chibwe. Ndati mnyamata chifukwa sanakwatire, koma ndevu zake zinayamba kale kumuneneza. Makolo ake anachoka ku Mporokoso iye ali kumsana, ndipo anakulira m'komboni momwemu, m'nyumba ya zipinda ziwiri mmene aliyense ankalankhula nthawi imodzi. Mwina n'chifukwa chake iye anasankha kukhala chete. Nason mawu ake ngogula. Ukamupatsa moni amagwedeza mutu, ukamufunsa za kunyumba amati "bwino", nkhani n'kuthera pomwepo.

Anagwirapo ntchito pa fakitale ina ku Heavy Industrial, yosenza matumba a chakudya cha nkhuku, ndipo inkamukomera chifukwa thumba silifunsa kuti wagona bwanji. Fakitale itachepetsa anthu, anamanga khola kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuweta nkhuku zoyera zija za nyama. Nkhuku zinanenepa bwino. Vuto linali makasitomala.

Munthu wa kuno sangangolemba pa foni kuti "nifuna nkhuku". Amayamba ndi moni, n'kufunsa za ana amene ulibe, n'kudandaula za magetsi, n'kutchulako mvula, nkhukuyo n'kudzabwera kumapeto kwenikweni. Zimenezi Nason zinkamupweteketsa mutu. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Anagula kompyuta yakale yosweka pakona, n'kudziphunzitsa kulemba mapulogalamu poonera mavidiyo, mpaka anapanga kapulogalamu koyankha mauthenga obwera pa nambala yake. Anakatcha dzina loti Kalaliki.

Kalaliki ankadziwa malamulo atatu okha. Ukalemba 1 ndiye kuti ukufuna nkhuku yamoyo, 2 yososola, 3 manyowa. Lamulo likalowa, foni ya Nason inkalira. Ukalemba china chilichonse foni inkakhala chete, Kalaliki n'kukuyankha yekha kuti, "Lamulo ili sinilidziwa. Lembani 1, 2 olo 3." Sabata imeneyo Nason anayenda mopepuka ngati watula katundu.

Tsono panali Justina, mtsikana wosoka zovala m'tauni, amene anamukonda Nason ndi kukhala chete kwakeko. Ukwati wawo unkadikira chinthu chimodzi chokha, chilolezo cha mayi ake a Justina. Amenewa ndi ba Mainess, mayi wamasiye woimba kwaya, wovutika ndi mwendo, amene amayeza munthu ndi moni wake. Iwo akanakana, abale a Nason sakanaponda pakhomo pawo kudzafunsira mbeta. Tsiku lina ba Mainess anaganiza zomuyesa mnyamatayo mwakachetechete. Anatenga nambala yake kwa mnzawo wa kukwaya n'kumulembera moni wautali, waulemu, wokhala ndi vesi kumapeto.

"Lamulo ili sinilidziwa. Lembani 1, 2 olo 3."

Anayesanso, poganiza kuti mwana sanawerenge bwino. Yankho linabwera lomwelo.

Madzulo ake Justina anafika pakhola nkhope ili tsinya.

"Ba Nason, mwabayankha chani bamama?"

"Sinakambe nabo."

"Ndiye vuto yamene iyo! Bakupasani moni, imwe ati lembani 1. Manje bakamba ati munthu wa so, olo pamalilo azatiuza ati lembani 2."

Nason ankamukonda kwambiri Justina, ngakhale kuti anali asanamuuzepo bwinobwino, ndipo ankaopa kumutaya. Anagwirizana kuti Justina akauze mayi ake kuti foni inali ndi vuto, ndipo Kalaliki aphunzitsidwe mwambo.

Anakhala pansi awiriwo, Justina akutchula mawu, Nason akulemba. Uthenga woyamba wosakhala nambala, Kalaliki aziutenga ngati moni n'kuyankha kuti, "Tauka bwino, kaya imwe? Kunyumba kuli bwanji?" Nambala ya ba Mainess anaiikira funso lakelake: "Nanga mwendo uli bwanji lelo, bamayo?" Panatsala kuti munthu akayankha funsolo, Kalaliki anene chiyani. Apa Nason anaganiza mwachidule monga mwa nthawi zonse. Iye chibadwire anali asanayankhepo china kupatula "bwino", ndiye ankayesa kuti dziko lonse limatero. Analemba yankho limodzi lokwanira aliyense: "Tiyamika Mulungu! Vipitilize chabe so."

Zinayenda, mpaka kuchititsa manyazi. M'mawa uliwonse ba Mainess ankapereka moni, Kalaliki n'kuwafunsa za mwendo, iwo n'kuti ukuyesako, Kalaliki n'kuyamika Mulungu. Kukwaya anayamba kudzitama kuti ana obala okha sawafunsa za mwendo, koma mwana wa eni ake salumpha tsiku. Nason mauthengawo sankawawerenga n'komwe. Ankangomva kwa Justina kuti zinthu zili bwino, n'kumamwetulira nkhuku zake. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mu Febuluwale mvula inagwa ya mkokomo, ndipo Kanyama, monga mwa chizolowezi chake, anasanduka dziwe. M'mawa wina Justina atapita kuntchito, ba Mainess ankakapa madzi olowa m'nyumba ndi ndowa, n'kuterereka pakhomo. Mwendo wodwala uja unapindika, kudzuka kunakanika. Anakuwa, koma mvula pamalata inameza mawu awo. Foni ya Justina inali yozima, poti magetsi anali atapita dzulo lake. Anakumbukira mwana waulemu uja, ndipo poti mwambo suthawa ngakhale munthu ali pansi, anayamba ndi moni.

"Tauka bwino, kaya imwe? Nanga mwendo uli bwanji lelo, bamayo?"

"Mwana wanga, nagwa. Mwendo watupa, siningaimilile, na manzi yangena munyumba."

"Tiyamika Mulungu! Vipitilize chabe so."

Ba Mainess anayang'anitsitsa foniyo. "Iwe mwana, uniseka?"

"Tiyamika Mulungu! Vipitilize chabe so."

Analira, osati chifukwa cha mwendo wokha. Zinawawawa kuti munthu amene anamutama pamaso pa kwaya yonse angawachite chipongwe chotere. Kenako misozi inasanduka mkwiyo. Ngati mnyamatayu amamva za malonda zokha, chabwino, amulankhula m'chinenero chake. Anadinda 1 ndi chala chonse.

Foni ya Nason inalira pakhola. Anaitsegula kuti aone wofuna nkhuku, n'kuwerenga mauthenga a ba Mainess amene anali pamwamba pa 1 uja. Anatsuka wilibala yonyamulira manyowa, anayalamo matumba ouma ndi bulangete lake, n'kuuyamba ulendo m'madzi ofika m'mawondo. Nkhuku yamoyo anaitenganso, poti lamulo linali litalowa ndipo mutu wake sunapeze njira yolikanira.

Atafika panabukanso vuto lina. Mkamwini sagwira apongozi ake, ngakhale wongoyembekezera. Anathamanga kukagogoda kwa amayi awiri oyandikana nawo, ndipo iwo ndi amene anawanyamula ba Mainess n'kuwakhazika mu wilibala, Nason atatembenukira kukhoma. Nkhuku inasowa poikidwa, ba Mainess n'kuifungatira pamiyendo. Anthu obisala mvula m'makonde anaona mayi wa kwaya akudutsa pa wilibala, ambulera kumanja, nkhuku kumanzere, nkhope ili gwa ngati akupita kukhoti.

Ali pakati pa njira ya ku kiliniki, ba Mainess analankhula osatembenuka.

"Unayamika Mulungu kuti nagwa."

"Sinali ine, bamayo. Ni makina. Ninayapanga kuti yaziyankha banthu."

"Nanga wamene anali kunifunsa mwendo masiku yonse aya?"

Nason akanatha kunama, ndipo bodza lake likanagwira. Anakankha wilibala kudutsa chithaphwi china, thukuta likusakanikirana ndi mvula.

"Ni makina futi."

Ba Mainess sananenenso kanthu mpaka pachipata. Kukhala chete kumene Nason anakukonda moyo wake wonse, tsiku limenelo kunamulemera kuposa matumba onse a ku fakitale.

Anadikira pakhonde la kiliniki, matope mpaka m'ntchafu, nkhuku ili m'khwapa. Anatulutsa foni n'kumuzimitsa Kalaliki, ndipo mumtima anali atatsanzikana naye kale Justina. Masana Justina anafika akuthamanga, n'kulowa osamuyang'ana. Patapita nthawi anatuluka atawagwirizira mayi ake, mwendo uli m'bandeji. Fupa silinathyoke.

Ba Mainess anaima patsogolo pa Nason n'kumuyang'ana kuyambira kumatope mpaka kundevu. Iye anagwada pasimenti yonyowa, nkhuku ikupalapata. Anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka movutikira ngati chitseko cha dzimbiri.

"Mwendo uli bwanji, bamayo?"

"Ubaba," anayankha iwo, ululu ukuoneka pankhope. "Ubaba maningi."

"Pepani. Pepani maningi."

Ba Mainess anatembenukira kwa mwana wawo.

"Justina, muuze abale bake babwele pa Sabata. Koma uja wa mu foni asayese kuponda pakhomo panga."