Tsiku Limene Ndinaukitsa Mzungu Wakufa

Loweruka lapitali ndinaukitsa munthu wakufa. Musaseke, anthu a ku Magaleta anaona ndi maso awo.

Kunabwera galimoto ya kanema pasukulu pomwe ndimaphunzitsa. Poti kunali masana, tinatseka mawindo ndi masaka a chimanga. Woyendetsa makina, a Mbewe, anati filimuyo ndi ya ku Mangalande, ya apolisi osaka chigawenga chopha anthu, ndipo pakufunika womasulira. Akanadzuka ndani wina? Ine, mphunzitsi wa Sitandade 8, tayi ali pakhosi.

Chinandidzutsa si chifundo ayi. Pa benchi yakutsogolo panali a Kachingwe, malume ake a Esinati, mtsikana amene ndikufuna kukwatira. Mawu omaliza pa ukwatiwu ndi awo, ndipo mwezi wathunthu akhala akungoti, “Tiona kaye.” Ndinati lero aone.

Filimuyo inabwera m'zitini zitatu, ndipo a Mbewe anandipempha kuti ndiziwapatsira motsatana. Manambala anali atafufutika. Akuti anaijambula ku London ine ndisanamere ndevu, inazungulira mizinda yakwawoko, inakwera sitima, ndipo kutauni akuluakulu a lumo anaidula monse mosayenera maso athu. Kodi ndinafunsa kuti chachiwiri ndi chiti? Ayi. Ndinangotola ngati wodziwa.

Titatha kuimba nyimbo ya fuko, makina anayamba kulira.

Abale anga, Chizungu cha m'buku ndi china, cha m'filimu ndi chinanso. Amuna aja amalankhulira m'mphuno, ndudu ili pakamwa. Ndinkatola liwu limodzi, ena onsewo n'kumapeka. Anthu ankagwedeza mitu, ine mtima n'kumakula.

M'chitini chachiwiri, chigawenga chachipewa chakuda chinawomberedwa n'kugwera mumtsinje. Anthu anaomba m'manja. Titaika chachitatu, taonani chigawenga chomwe chija chikumwa tiyi, chipewa chili chouma bwinobwino.

A Mbewe anandinong'oneza, “Achimwene, mwasemphanitsa zitini.”

Mayi wina kumbuyo anakuwa, “Aphunzitsi, kodi ameneyu si uja wafa uja?”

Apa munthu wanzeru akanati, “Pepani, ndalakwitsa.” Ine ndinakonza tayi.

“Amayi, umenewu ndi mzukwa. Ku Mangalande nakonso afiti aliko.”

M'kalasi munali chiphokoso. Amayi awiri anafunditsa ana nsalu n'kutuluka. Filimu inathera pakati, apolisi akufunafunabe, ndipo nditafunsidwa kuti amugwira liti, ndinati mzukwa sugwidwa, basi.

Tsono ndifunse, ife amene tinapita kusukulu pang'ono, bwanji mawu oti “sindikudziwa” amatikanira pakhosi? Mlembi wa kuchipatala adzakuwerengerani pepala limene sakulimvetsa. Woyenda tauni adzakulozerani njira imene sanapondemo. Kumudzi amatikhulupirira chifukwa cha tayi, ndipo ife timaopa kuti tikavomera kamodzi tayiyo agwa. Ndikunena ena, koma mtsogoleri wa gululi ndine.

Kunja a Kachingwe ankandidikira pansi pa mtengo wa mango. Anandipatsa moni m'Chizungu, cha m'mphuno chenicheni chija, moti ndinamva liwu limodzi lokha. Kodi inu mumadziwa kuti anaphikira azungu ku Blantyre zaka zambirimbiri? Esinati sanandiuzepo.

“Aphunzitsi,” anatero atabwerera ku Chichewa, “nkhani yanu yakoma kuposa ya eni ake. Ine ndasangalala ndithu.”

Ndinamwetulira ngati chitsiru.

“Koma tandiuzeni. Mukamauza mwana wa mlongo wanga kuti mudzamusamala, mumakhala mukunena zimene mukudziwa, kapena mumamasulira ngati muja?”

Ananyamula njinga yawo n'kumapita. Ndinachita manyazi, ndipo sabata yonseyi Esinati sanadutse njira ya kusukulu.

Mawa ndikupita kwa a Kachingwe wopanda tayi, kukanena mawu amodzi amene anandikanika pamaso pa anthu. Mzungu uja ndinamuukitsa mosavuta. Nanga ukwati wangawu audzutse ndani?