Aphunzitsi Opinda Thalauza

Aphunzitsi a Yafeti Nkhoma, a pasukulu ya mgodi ku Lalapanzi, saphunzitsa za madzi ali m'kalasi. Ngakhale nkhondo ili mkati, ndipo asilikali amakayikira gulu lililonse lolowa m'tchire, iwo amapita ndi ana kumtsinje, onse atavala yunifomu kuti azidziwika patali.

Chaka chatha mwana wanga wamng'ono, Gadi, ankatsegula m'mimba kosalekeza. Tsiku lina ndikutunga kumunsi kwa malo otsukira miyala ya kiromu yochokera mumgodi, ndinawapeza aphunzitsiwo ali m'madzi, thalauza atapinda, ana akuvundukula miyala. Wanga wamkulu, Eluby, analinso pomwepo.

"Mai Eluby, tabwerani," anandiitana. "Pansi pa mwala uwu pali chiyani?"

"Palibe kanthu, aphunzitsi. N'chifukwa chake ndimatunga pano. Ndi poyera."

"Poyera ngati komboni yomwe anthu anathawamo! Eluby, kumtunda tapezako chiyani?"

"Nkhanu, ana a achule, ndi tizilombo tambirimbiri!"

"Mwamva? Madzi amene nkhanu yawakana, inu mukumwetsa mwana?"

Kuyambira tsikulo ndimatunga kumtunda, ngakhale n'kutali, ndipo madziwo ndimawiritsa monga aphunzitsiwo anandiuzira. Gadi anachira. Lero ndi amene amandisowetsa mtendere, kuthamangira kumtsinje kukavundukula miyala.